Waya Amene Ndinakwirira M'munda wa Mphesa

Mkazi wanga Noelene amati ndikadzamwalira, pamanda panga adzalembapo mawu atatu okha: "Ndikudziwa kale zimenezo." Sindimutsutsa. Ndine Enzo, mlimi wa mphesa kuno ku Robinvale, ndipo pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu zimene ndakhala padziko lino sindinafunsepo munthu njira. Thalakitala ndimakonza ndekha, pampu ndekha, ngakhale dzino ndinayesapo kuzula ndekha ndi pulayala, koma nkhani imeneyo tiisiye.

Chaka chatha antchito athu ochokera ku zilumba za Tonga, amene amabwera nyengo iliyonse ya mphesa, anapempha intaneti kunyumba zimene amagona kumunda. Kumunda kwathu foni sigwira. Ukafuna kuimbira munthu umayenera kukwera pathanki n'kukweza mkono ngati mwana wasukulu wodziwa yankho, ndipo ukachita mwayi mawu amamveka mwapatalipatali. Ine ndi Noelene timakhala m'tauni, ulendo wa theka la ola, ndiye vutoli silinkatipweteka. Koma kwa anthu amene asiya ana awo kutsidya kwa nyanja miyezi isanu ndi iwiri, linali vuto lenileni.

"Imbira Darren," anatero Noelene.

Darren ndi mchimwene wake, mlamu wanga, ndipo kuika intaneti m'maofesi ku Mildura ndiye ntchito yake. Sitinayambanepo, kungoti ali ndi chizolowezi chopumira m'mwamba akaona chinthu chimene ndakonza ine.

"Darren wa chiyani?" ndinayankha. "Dishi, kabokosi, waya umodzi, basi. Munthu amene anaika mipope munda wonse uwu angalephere zimenezo?"

Dishi ndinaimangirira pamwamba pa nsanja yakale ya pampu yamphepo, chifukwa ndi pokhapo pamene umaona mlongoti wa intaneti wa m'tauni. Kabokosi komwaza wayifayi, kamene amakatcha rauta, ndinakaika m'chipinda chimene antchito amadyeramo. Pakati pa ziwirizi pali mizere ya mphesa, ndipo panafunika waya wodutsa pansi. Mtundawo ndinayeza ndi mapazi, ndipo zikuoneka kuti tsiku limenelo miyendo yanga inali yaitali kuposa masiku onse, chifukwa waya amene ndinagula anathera pamzere wa 12.

Kubwerera m'tauni? Ine? M'shedi munali chidutswa china cha waya wofanana naye. Ndinalumikiza ziwirizo monga momwe malemu bambo anga anandiphunzitsira kulumikiza waya wa mpanda: kusenda, kupota, kumanga. M'kati mwa waya wa intaneti muli timawaya tisanu ndi titatu ta mitundumitundu, ndipo ndinatipota kamodzikamodzi, mtundu ndi mtundu unzake, n'kukulunga tepi yakuda mpaka panatupa ngati bondo la nkhalamba. Kenako ndinakwirira. Dothi la kuno likauma khasu limangodumpha, koma mlimi aliyense amadziwa pofewa kukumba: pansi pa paipi yothirira, pamene madzi amadonthera tsiku ndi tsiku. Ndinakwirira pomwepo, ndikudziyamikira nzeru.

Ndipo inagwira! Madzulo a tsiku limenelo mafoni onse analira nthawi imodzi, amayi akukweza mawu kulankhula ndi ana awo. Loweruka ndinakafotokoza nkhaniyi ku kalabu katatu, kwa anthu omwewo. Za cholumikiza cha pamzere wa 12 sindinauze munthu, ndipo posakhalitsa ndinaiwala.

Madandaulo anayamba mu Novembala, ulimi wothirira utafika pachimake. Anabwera nawo ndi Lesieli, mayi wa zaka za m'ma 40 amene amayang'anira gulu lolongedza mphesa. Wakhala akubwera kwa ife nyengo zisanu ndi imodzi, ndipo sindinamumvepo akukweza mawu.

"Bwana Enzo, pepani kukusokonezani," anatero. "Wayifayi ija imakhala ngati imatopa masana. Mwina ikugwirizana ndi..."

"Ndikudziwa kale zimenezo," ndinamudula. "Ndikaiona."

M'mawa mwake cha m'ma 7 ndinalowa m'chipinda chodyeramo, n'kutulutsa foni. Inagwira bwinobwino. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndinaganiza mozama, monga katswiri, n'kupeza yankho: anthuwa akuonera makanema ambiri nthawi imodzi. Ndinalemba chidziwitso n'kumata pachitseko, chowapempha kuti azichita mosinthana. Anachiwerenga, anandithokoza, ndipo wina anachikongoletsa ndi maluwa a pulasitiki.

Vuto silinathe. Ndinaloza chala rauta, n'kugula ina yokhala ndi nyanga zinayi m'malo mwa ziwiri. Silinathe. Ndinaloza chala zinkhwe zoyera zija, zimene kuno zimatafuna chilichonse kuyambira mphira wa pagalasi la galimoto mpaka thabwa la pazenera. Ndinakwera nsanja n'kumangirirapo kadzidzi wa pulasitiki woti aziziopseza. Patatha masiku awiri zinkhwe zinamuchotsa diso limodzi n'kumakhala pamutu pake.

Pa Khirisimasi Darren anabwera kudzadya nafe. Noelene, amene sasunga chinsinsi cha mwamuna wake ngakhale mphindi imodzi, anaulula nkhani yonse nyama isanapse.

"Imaduka nthawi yanji, alamu?" anafunsa Darren.

"Ikafuna."

"Palibe chinthu chimene chimaduka chikafuna. Waya munamuona?"

"Vuto lili mumphepo, Darren. Mafoni akulephera kugwira wayifayi. Waya akubwera pati?"

"Mumphepo ndi poyambira rauta kukafika pafoni basi. Kwina konseko ndi waya. Mwa mavuto khumi amene anthu amandiitanira, asanu ndi awiri amakhala waya."

"Waya ndinaika ndekha," ndinatero.

"N'chifukwa chake ndikufunsa."

Anapumira m'mwamba. Ine ndinapsa mtima n'kupsereza soseji, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Mu Febuluwale, kutatsala sabata imodzi kuti tiyambe kuthyola mphesa za mbali ya kumtsinje, bambo a Lesieli anamwalira. Uthenga unafika Lolemba m'mawa. Kwawo ndi kachilumba kakang'ono kamene umafikako ndi ndege ziwiri ndi boti, ndipo botilo limapita kamodzi pa sabata. Tinawerengetsa njira zonse ine ndi Noelene, koma iliyonse imamufikitsa maliro ataikidwa kale.

Lesieli sanalire pamaso pathu. Anakhala pabenchi kuseri kwa shedi, manja ali pamaondo, n'kutiuza kuti mchimwene wake walonjeza kuti Lachisanu agwira foni m'tchalitchi kuti iye aonere zonse. Mwambo uyamba 1 koloko ya kwawo, yomwe ndi 11 koloko kuno.

"Zina zonse ndikhoza kumva pambuyo pake," anatero. "Koma pemphero loyamba likatha atsegula bokosi kuti abale atsanzike. Ndikungofuna ndione nkhope yawo asanatseke. Papita miyezi isanu ndisanawaone."

"Bwera kunyumba kwathu m'tauni," anatero Noelene. "Intaneti ya kumeneko siduka."

Lesieli anazengereza. Anafotokoza kuti anthu a kwawo ogwira ntchito m'minda ina abwera kudzalira naye, mwina makumi anayi, ndipo akanakonda akhale pakati pawo, pamene angathe kuyala mikeka ndi kuimba momasuka. Akunena zimenezi anandiyang'ana, ngati akufuna ndinene kenakake. Ndipo ndinanenadi.

"Palibe chifukwa chopitira m'tauni. Igwira. Ndikulonjeza."

"Enzo," anatero Noelene, ndi mawu aja amene amagwiritsa ntchito galu akayandikira tebulo.

"Ndati igwira."

Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi ndinkaiyesa m'mawa uliwonse, ndipo inkathamanga ngati mphepo. Ndinabweretsa TV yathu yaikulu ya kunyumba, n'kuilumikiza ndekha. Ndinachotsanso chidziwitso chija pachitseko, kusonyeza kuti ndine munthu wachifundo.

Lachisanu wailesi inalengeza kuti kutentha kufika madigiri 44. Mphesa zotsala pang'ono kuthyoledwa zikapsa ndi dzuwa lotere zimafota, ndipo mlimi wanzeru sadikira masana kuti azithirire. Mbali ya kumtsinje ija imathiriridwa kuyambira 2 koloko masana tsiku lililonse. Pampu ili ndi kawotchi kamene kamaiyatsa yokha. M'mawa umenewo ndinalowa m'kanyumba ka pampu n'kusintha kawotchiko kuti madzi ayambe hafu pasiti teni. Ndinatuluka ndikuimba likhweru.

Pofika nthawi imeneyo magalimoto anali atadzaza pabwalo. Matebulo a m'chipinda chodyeramo anawatulutsa panja, pansi ponse anayala mikeka, ndipo anthu anakhala mothithikana, onse zovala zakuda, mikeka yachisoni atakulunga m'chiuno monga mwa mwambo wa kwawo. Kuseri kwa nyumba nkhumba inali pamoto kuyambira m'mamawa. Wotsogolera mwambo anali a Semisi, mkulu wa mpingo wa tsitsi loyera amene amadulira mipesa kumunda kwa oyandikana nafe. Lesieli anakhala kutsogolo, pafupi ndi TV. Ine ndinaima pakhomo, manja m'chiuno, ngati ndine amene ndinapanga intaneti ya padziko lonse.

Itakwana 11 koloko chithunzi chinabwera, chooneka bwino kwabasi. Tchalitchi choyera, mazenera otsegula, nyanja ikuoneka kumbuyo. Bokosi lili kutsogolo. Mayi ake a Lesieli, mayi wamng'ono thupi, anakweza dzanja kuloza foni, ndipo Lesieli anakweza lake. Kutsidyako anayamba nyimbo, ndipo anthu makumi anayi a m'chipindamo anailandira. Tsitsi linandiimirira.

Nyimbo ili pakati, chithunzi chinaima. Mayi aja anangotsala kukamwa kuli yasa, ndipo pakati pa TV panabwera kamkombero kozungulira. Anthu anapitiriza kuimba ndime imeneyo mpaka kumapeto, kenako m'chipindamo munangoti zii. Palibe anandiyang'ana. Zikanakhala bwino akanandiyang'ana.

"Ndi zazing'ono izi," ndinatero.

Ndinazimitsa rauta n'kuiyatsanso. Palibe. Ndinathamangira kugalimoto kukatenga rauta yakale ija ya nyanga ziwiri, n'kuisinthanitsa. Palibe. Ndinazimitsa TV, n'kuiyatsa, n'kuimenya pambali monga tinkachitira kale. Thukuta linali kamukamu. Ndinathamangira kunsanja, n'kukwera makwerero achitsulo otentha ngati chiwaya, n'kugwedeza dishi kumanja ndi kumanzere. Kadzidzi wa diso limodzi uja anandiyang'ana, ndipo ndinamumenya mbama mpaka anagwera pansi. Wotchi inali ikunena kuti papita mphindi makumi awiri.

Nditatsika ndinapeza Noelene atagwada pafupi ndi Lesieli, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Tiyeni m'tauni, tikapeza mwambo usanathe."

Lesieli anapukusa mutu. "Anthuwa abwera kudzandipepesa ine. Sindingawasiye pamkeka okha."

Ndinatulukanso panja, osadziwa kumene ndikupita. Ndinangomva mapazi kumbuyo kwanga. Anali a Semisi. Anaima pambali panga, osati patsogolo, maso ali pansi, n'kukhosomola pang'ono.

"Bwana, mundikhululukire, ine ndi munthu wodulira mipesa chabe, za makina sindizidziwa."

"Nenani, a Semisi, nthawi ikutha."

"Ndikumva ngati pampu ikuyenda."

"Ikuyendadi. Ndiye?"

"Pampu ikamayenda, wayifayi imagona, bwana. Imadikira madzi ayende kwa kanthawi, kenako imagona mpaka dothi liume. N'chifukwa chake amayiwa amaimbira ana awo 2 koloko isanakwane."

Ndinawatembenukira. "Kuyambira liti?"

"Kuyambira Novembala."

"Ndani akudziwa zimenezi?"

"Tonse, bwana. Ngakhale ife a minda ina. Sitinade nkhawa za lero chifukwa maliro ndi a m'mawa, ndipo pampu imayamba masana."

"Nanga bwanji simunandiuze miyezi yonseyi?"

A Semisi anakanda m'mutu, akuoneka kuti akumva manyazi m'malo mwanga. "Lesieli anayamba kukuuzani. Inu munati mukudziwa kale. Kwathu munthu wamkulu akati akudziwa, sitimuuza pamaso kuti sakudziwa. Tinaganiza kuti mwina munaikonza choncho dala, kuti tisamaonere makanema nthawi ya ntchito."

Pamenepo mpamene bondo la nkhalamba lija linandibwerera m'mutu, tepi yakuda, pansi pa paipi, pamzere wa 12. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinali nditadya la miyezi inayi, n'kugawirako anthu osalakwa.

Sindinathamangepo chotero chiyambire ukalamba. Ndinazimitsa pampu, ndinatenga sizasi yodulira mphesa m'galimoto, n'kulowa m'mizere ndikuwerenga mokweza. Pamzere wa 12 ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Matope anali ofunda ngati phala. Ndinafukula malo olakwika kawiri. Kachitatu zala zinakhudza waya, ndipo nditakoka, cholumikiza changa chinatuluka chikudontha madzi. Tepi inali itamasuka kalekale. Timawaya tija tinali titachita dzimbiri lobiriwira, tina titagundana, kamodzi katathothokeratu.

Ndinadula mbali yowolayo uku ndi uku, n'kusenda pouma. Apa mpamene ndinazindikira tsoka lachiwiri: waya sanatsale wokwanira. Nsonga ziwirizo zinkangokumana ndikakoka ndi mphamvu zonse, ndipo ndikangosiya zinkathawana. Tsoka lachitatu, magalasi anga a maso anali m'galimoto.

"Wa lalanje ndi wa lalanje mnzake, Enzo. Uyo wagwirayo ndi wa khofi."

Anali Noelene, ataima pamwamba panga, akupuma mwawefuwefu. Sananene kuti "ndinakuuza". Pa zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati wathu, limenelo ndi tsiku lokhalo limene sananene, ndipo zinandipweteka kuposa akananena.

Iye ankatchula mitundu, ine ndikupota. Waya ameneyu amanyamulanso magetsi pang'ono opita kudishi, ndipo ndi manja onyowa ankandiluma m'zala ngati linthumbu. Ndinatukwana m'chinenero cha agogo anga. Noelene anathamangira kugalimoto kukatenga tepi, koma anabwera ndi chibulumwa chakuda chonata. Inali itasungunuka ndi dzuwa pa dashibodi.

"Siimata iyi," anatero.

"Pita ukaone ngati yagwira."

Ndinatsala ndekha, dzanja lamanja likukoka mbali ya nsanja, lamanzere likukoka mbali ya nyumba, zala zazikulu zikulekanitsa timawaya kuti tisagundane. Panapita mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenako kuchokera kunyumba kuja kunamveka mfuu, ndipo pambuyo pake nyimbo.

Noelene anabwera chothamanga. "Yagwira! Usagwedezeke!"

"Afika pati?"

Anandiveka chipewa chake kumutu, n'kuchikonza bwinobwino.

"Bokosi atseka kale, Enzo. Akutuluka m'tchalitchi, akupita kumanda."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana, dzuwa lonselo. Ndinalibe dzanja lopukutira m'maso, ndiye ndinangoweramitsa mutu. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire.

Ndinagwada pamenepo ola limodzi ndi mphindi khumi. Ntchentche zinachita msonkhano pamphuno panga. Nyerere zinapeza njira yolowera m'kabudula. Matope anauma m'maondo n'kuyamba kuthetheka. Anyamata awiri akuluakulu anabwera, atatumidwa ndi a Semisi, kuti andilandire.

"Bwana, tigwireko, mupume."

"Ayi. Mukagwedeza iduka."

"Tigwira bwinobwino, bwana."

"Ndati ayi!"

Anabwerera. Zoona zake n'zakuti akanatha kugwira, mwina kuposa ine. Koma ndinkafuna kuti chindipweteke, ndipo mwina, ndisaname, ndinkaganizabe kuti palibe wina angagwire bwino waya wanga.

Ndili pamenepo ndinkamva zonse. Nyimbo zinkabwera pamwamba pa mizere ya mphesa, mawu a amuna pansi, a akazi pamwamba. Kenako nyimbo inaduka ndipo kunamveka kulira kwa munthu mmodzi, kwakutali, kosadziletsa. Nyengo zisanu ndi imodzi ndinali ndisanamumvepo Lesieli akukweza mawu. Ndinadziwa kuti akutsitsa bokosi, ndipo ndinakoka waya uja mpaka mapewa ananjenjemera.

Zonse zitatha ndinaona munthu akubwera pakati pa mizere, wovala zakuda, mkeka m'chiuno, mbale m'manja. Anali Lesieli. Maso ake anali ofiira. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana kwa kanthawi: bwana wake, wamatope mpaka m'makutu, chipewa cha maluwa kumutu.

"Mutha kusiya tsopano, bwana. Atha."

Ndinayesa kusiya, koma zala zinakana kutambasuka. Anaika mbale pansi, pamthunzi wa mpesa, n'kundithandiza kuzitsegula chimodzichimodzi. Nsonga ziwiri za waya zinathawana n'kugwera m'dothi.

"Lesieli," ndinatero, "nkhope ya bambo ako sunaione chifukwa cha ine. Waya uyu ndinalumikiza ndekha, ndinakwirira m'madzi ndekha, ndipo pampu ndaiyatsa ndekha m'mawa uno. Unayesa kundiuza, ndinakudula mawu. Pepa."

Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Anakhala pansi, pamatope oumawo, n'kuyang'ana waya.

"Zandipweteka, bwana. Zindipweteka nthawi yaitali." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mukudziwa chimene chawapha bambo anga? Chilonda cha paphazi. Miyezi itatu amayi akuwauza kuti apite kuchipatala, iwo amvekere, ndikudziwa kale chimene chikundivuta. Injini ya boti ankakonza okha. Denga la tchalitchi okha. Munthu kuwathandiza, nkhondo."

Ndinaweramira waya uja, iye n'kupitiriza.

"Anyamata aja atabwera kudzanena kuti mwakana kulandiridwa, ndinasuzumira pazenera. Ndinakuonani mutagwada padzuwa, khosi lili gwa, mukukalipira ntchentche." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Ndinati mumtima, nkhope yawo sindinaione, koma khosi lawo ndi ilo lili apo."

Anandikankhira mbale ija. Munali nyama ya nkhumba, chilazi ndi masamba ophikira mkaka wa kokonati. Zala zanga zinali zidakali zouma moti chilazi choyamba chinagwera pansi.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamva funso likukwera kukhosi, ndipo ndinalilola kuti lituluke.

"Lesieli, pali china chimene nonse mukudziwa pamunda pano, chimene ine sindikudziwa?"

Anayang'ana kunsanja, kenako kukanyumba ka pampu, kenako kudenga la shedi limene ndinakhoma ndekha chaka chatha.

"Idyani kaye, bwana," anatero. "Ndi zambiri."